Tinapita kukaona tchalitchi chatsopano, tinakachedwa m'chakale

Tinanyamuka pa Ntcheu boma 6 koloko m'mawa, anthu 14 a komiti ya chitukuko ya nthambi yathu ya mpingo wa Katolika, pa minibasi yahayala. Chotiyendetsa ndi nkhani yomwe yatigawanitsa chaka chonse chino. Tchalitchi chathu chachepa, chikudontha, ndipo ambiri akuti tichigumule, njerwa zake zilowe m'maziko a chatsopano. Ndisabise, ine ndinali mbali ya ogumula. Bambo mfumu ndiwo anati tisanagwire piki tiyambe takaona zomwe anachita anzathu a nthambi ina kufupi ndi Bembeke.

Pa Lizulu amayi anapempha mphindi zisanu, zomwe zinasanduka theka la ola, ndipo tinachoka pamenepo miyendo ili pamwamba pa kabichi ndi mbatatesi.

Anatilandira ndi nyimbo ndi thobwa, mphepo ya ku Dedza ikulowa mpaka m'mafupa. Tchalitchi chawo chatsopano n'chachikulu, chowala bwino. Tinafunsa za simenti, malata ndi malipiro a amisiri, asungichuma athu n'kulemba zonse. Pamenepo sindichedwapo.

Chakale chili kumbuyo kwake, chachifupi, makoma onenepa, njerwa zowotcha koma zomangira dothi. Pamtengo wapakhomo pakulendewerabe limu ya galimoto yomwe inali belu lawo. Anatitsogolera ndi agogo ena aakazi oyendera ndodo. Sanayambire kuguwa ayi. Anatizungulitsa kuseri, n'kuloza njerwa ina m'munsi mwa zenera.

"Ana anga, ikani dzanja apa."

Panali timaenje tinayi, zala za munthu. Anati njerwa ikangotuluka m'chikombole imakhala yofewa, ndiye woitembenuza isanaume amasiya zala zake. Nditayesa zanga sizinakwane, zinali za mwana. Iwo nthawi imeneyo anali kamtsikana kotunga madzi kudambo, mtsuko pamutu. Mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake. Abambo ankaponda dothi ndi kuumba, amayi madzi ndi nsima, anyamata kukoka nkhuni ndi kuchezera pa uvuni moto usazime. Ankatchula khoma ndi khoma: ili la mudzi wakuti, ili anamaliza akumtunda mvula itayamba kale. Ngakhale pamene khoma linapindika pang'ono akudziwa mmisiri wake, ndipo anaseka asanamutchule.

Apampando athu anafunsa mwaulemu: "Nanga agogo, bwanji simunagumule? Njerwa zonsezi zikanakupulumutsirani ndalama."

"Bambo, inu mutamanga nyumba yamalata, munagumula ya amayi anu iwo akuona?"

Tinaseka, koma apampando sanaseke kwambiri.

Si kuti kusunga n'kwaulere. Akatekisi awo anatiuza poyera kuti chiswe chinadya mapaso, mileme inasandutsa denga kwawo, ndipo achinyamata ena amadandaula kuti chopereka chikuthera pa nyumba ziwiri. Chomwe chawathandiza n'chakuti sanachitseke. Ana amaphunziriramo katekisimu, akwaya amakonzekereramo nyimbo, miphakati (timagulu ta akhristu oyandikana nyumba) imakumaniramo. Nyumba yopanda anthu ndiyo imagwa msanga.

Masana tinadzera ku Bembeke, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu ya Dedza. Mishoni imeneyi anaitsegula ndi ansembe a White Fathers mu 1910, patapita zaka zisanu ndi zitatu chitsegulireni Mua mu 1902. Ife a ku Ntcheu sitinalephere kukumbutsa anzathu kuti Nzama, ya ansembe a Montfort, ndi ya 1901. Dayosizi yomweyi ndiyo inayamba kutsogozedwa ndi Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chimalawi mu 1937, amenenso anadzozedwa kukhala episkopi woyamba wa Chimalawi mu 1957. Zaka zimenezi aliyense wa ife amazitchula pamtima chifukwa zinalembedwa. Zomwe zinandivuta m'minibasi pobwerera n'zakuti za kunthambi kuja, za mudzi wakuti ndi khoma lakuti, zili m'mutu mwa agogo amodzi oyendera ndodo. Kwathunso ndi chimodzimodzi, ndipo ine wa zaka zonsezi m'komiti sindinafunsepo.

Lolemba madzulo ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi chathu ndi tochi ya pafoni. Zala ndinazipeza pa njerwa zitatu, ndi phazi la mbuzi pa ina. Azakhali anga, nditawafunsa, anayamba kutchula mayina a amene anamanga mpaka nsima inazizira, ndipo dzina lachisanu linali la agogo anga aamuna, omwe ine ndinkangowadziwa ngati osoka mphasa.

Denga likudonthabe, ndipo ndalama zomangira chatsopano popanda njerwa zakalezo sizikukwana. Komiti ikumana Lamlungu likudzali Misa ikatha. Alembi, mubwere ndi kope latsopano, ndipo azakhali avomera kubwera ngati wina angawatenge panjinga.