Kalata sinabwere, koma chithunzi chinazima

Lachinayi, usiku kwambiri. Ndikadagona kale, koma mawu a mnyamata uja akungondizungulira m'mutu. Tinakumana pa nthawi yopuma pamsonkhano wa anthu a zoulutsa mawu. Iye ndi mkonzi wa mapulogalamu pa wailesi ya kanema inayake, wochangamuka ndithu, ndipo analankhula modekha ngati mlandu unaweruzidwa kale. Anati: "Akulu, ngati boma silinalembe kalata yotseka, palibe ufulu umene waphwanyidwa. Kampani yachotsa wantchito wake, basi." Ankanena za Jimmy Kimmel wa ku America, woseketsa anthu pa kanema, amene pulogalamu yake inaimitsidwa kwa masiku angapo mu 2025.

Ndinamufunsa ngati akudziwa amene amasunga layisensi kumeneko. Anati ABC, netiweki youlutsa pulogalamu ya Kimmel. Ayi ndithu. Netiweki ilibe layisensi youlutsira dziko lonse. Layisensi imaperekedwa kwa siteshoni iliyonse payokha, mzinda ndi mzinda, ndipo imatha pakapita zaka 8. ABC ili ndi masiteshoni akeake 8 okha. Ena onse, oposa 200, ndi a makampani ena amene amangotengako mapulogalamu. Choncho wofuna kufinya netiweki salimbana ndi likulu lake, amangotembenukira kwa eni masiteshoniwa, amene chuma chawo chonse chatsamira pa pepala limodzi lochokera ku FCC, bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi makanema kumeneko.

Kenako ndinamuyalira masikuwo. Charlie Kirk, wolankhula zandale wa mbali ya pulezidenti Donald Trump, anaphedwa pa 10 Seputembala 2025. Pa 15 Kimmel analankhulapo m'pulogalamu yake. Pa 17 Brendan Carr, wapampando wa FCC, ananena pa podikasiti ina kuti nkhaniyi itha kuthetsedwa mwa njira yofewa kapena mwa njira yowawa, ndipo anakumbutsa eni masiteshoni za udindo umene layisensi zawo zimawasenzetsa. Tsiku lomwelo Nexstar, kampani yokhala ndi masiteshoni ambiri, inalengeza kuti siionetsanso pulogalamuyo pa masiteshoni ake otenga mapulogalamu a ABC, kampani inzake ya Sinclair inachitanso chimodzimodzi, ndipo ABC inaimitsa Kimmel. Anabwerera pa 23, makampani awiri aja anamubwezera pa 26. Chimene mnyamatayo sankadziwa n'chakuti mu Ogasiti chaka chomwecho Nexstar inali italengeza zogula kampani ina ya masiteshoni yotchedwa Tegna pa madola 6.2 biliyoni, ndipo kugulako kunkafuna chilolezo cha FCC, komanso kufewetsa lamulo loletsa kampani imodzi kufikira mabanja oposa 39 peresenti a m'dzikomo. Munthu amene akudikira saini yako, ukamutsokomolera yekha amadziwa chochita.

"Komabe sanalamule," anatero mnyamatayo. Apa m'pamene ndinayamba kupsa mtima, ndipo ndikuona tsopano kuti ndinakweza mawu mosayenera. Kulamula sakanatha. Gawo 326 la lamulo la zamauthenga la 1934 limaletsa FCC kupimira masiteshoni zoti aulutse. N'chifukwa chake olamulira anzeru salamula, amangonena mokuluwika. Makhothi a kumeneko anazizindikira kale zimenezi. Mu 1963, pa mlandu wa Bantam Books ndi Sullivan, komiti ina ya boma ku Rhode Island inkangotumiza makalata aulemu kwa ogulitsa mabuku, kenako wapolisi n'kudutsa kudzafunsa ngati kalata yafika. Khothi lalikulu linati kumeneko n'kuletsa basi, ngakhale palibe amene anamangidwa. Mu 2024, pa mlandu wa NRA, bungwe la eni mfuti, ndi Vullo, amene anali mkulu wa boma ku New York, oweruza onse 9 anagwirizana kuti mkulu wa boma sangaopseze kampani kuti imulangire munthu amene iye mwini lamulo silimulola kumulanga. Ngakhale seneta Ted Cruz, wa chipani chimodzi ndi Carr, anadzudzula mawu aja, n'kuwayerekezera ndi kalankhulidwe ka zigawenga za mafia. Ankaona patali: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyi anali atazizira. Anthu anayamba kubwerera m'chipinda, ife tinatsala pakhonde.

Ndimuyamikire pa chimodzi. Sanathawe, anandibweza ndi funso lolemera. Anati nanga Rwanda? Wailesi ya RTLM, imene inayamba kuulutsa mu 1993, inkatchula anthu mayina ndi kumene abisala pa nthawi ya kupulula anthu mu 1994, ndipo mu 2003 khothi la ku Arusha linapeza Ferdinand Nahimana, mmodzi wa oyambitsa wailesiyo, wolakwa. Kodi pamenepo sipankafunika wina wozimitsa? Pankafunika, sindikutsutsa. Koma RTLM inali ya anthu oyandikana ndi olamulira a nthawiyo. Dzanja limene likanazimitsa ndi lomwe linkaidyetsa. Mphamvu yotseka ikakhala m'manja mwa andale, kawirikawiri imalumpha wailesi yoopsa yowayamika n'kukagwera yowafunsa mafunso.

Sindikuti pasakhale woyang'anira. Amene anagwirapo ntchito pa transimita sanganene zopusa zotero. Mafunde ndi ochepa. Kanema wa pamlongoti amayenda pa mafunde otchedwa UHF, kuno ku Africa ndi ku Ulaya pakati pa 470 ndi 694 MHz, tchanelo chilichonse chimatenga 8 MHz, pomwe ku America chimatenga 6. Masiteshoni awiri akakwerana pa tchanelo chimodzi m'dera limodzi, onse amatayika. Payenera kukhala wogawa, wonena kuti iwe mphamvu yako ikhale makilowati akutiakuti, mlongoti wako utalike chonchi, usalowerere dziko loyandikana nalo. Pa mfundo ya kuchepa kwa mafundeyi m'pamene khothi lalikulu la America linaimira mu 1969 pa mlandu wa Red Lion, polola boma kuika malamulo pa wailesi amene silingaike pa nyuzipepala. Lamulo lokakamiza masiteshoni kupereka mbali zonse za nkhani linachotsedwa mu 1987, koma khomo lija linatsala lotsekuka. Wogawa mafunde amayamba ndi ma MHz, mapeto ake amafunsa kuti mlendo wa dzulo uja anamuitana ndani.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni n'chakuti achinyamata ambiri a ntchitoyi sadziwa njira imene chithunzi chawo chimadutsa chikatuluka mu situdiyo. Nthawi ya analogi siteshoni inkakhala ndi transimita yakeyake paphiri. Pofuna kuitseka pankafunika galimoto, apolisi, loko, ndipo aliyense ankaona. Pangano la ku Geneva la 2006 la ITU, bungwe la United Nations loona za mauthenga, linaika 17 Juni 2015 ngati tsiku losamukira ku dijito, ndipo m'mayiko ambiri ntchito inagawidwa pawiri: wina ali ndi layisensi yopanga mapulogalamu, wina ndi yofalitsa siginolo. Siteshoni imatumiza chithunzi chake pa faiba kapena pa mayikulowevu kupita ku likulu la wofalitsa. Kumeneko chimapanikizidwa kufika pa 1.5 kapena 2 Mbit pa sekondi ngati ndi chithunzi wamba cha SD, n'kusakanizidwa ndi zina mu mtolo umodzi wa matchanelo wotchedwa multiplex, wa njira ya dijito ya DVB-T2, wonyamula pakati pa 30 ndi 40 Mbit pa sekondi, kutanthauza matchanelo pafupifupi 20. Kuchotsamo imodzi sikufuna wapolisi. Katswiri mmodzi amachotsa dzina la siteshoniyo pa ndandanda ya pakompyuta, dekoda ya kunyumba n'kulemba kuti palibe siginolo, matchanelo ena 19 akuoneka bwinobwino. Woonera amangoti zawonongeka. Ndipo wofalitsayo m'mayiko ambiri ndi kampani ya boma kapena yobadwa kuchokera ku wailesi ya boma.

Ndinamuuza kuti akabwerera kuntchito apemphe kuona pangano la siteshoni yawo ndi wofalitsa siginolo. Aone ngati muli masiku a chenjezo asanakuchotseni pa multiplex, ngati ngongole ya mwezi umodzi ili yokwanira kukuzimitsani, ndiponso ngati wofalitsa amamvera foni ya woyang'anira kapena amafuna chikalata cha khothi. Anaseka n'kunena kuti zimenezo n'za a zachuma. Apo m'pamene pali vuto.

Ngakhale kukhala ndi transimita yako sikukupulumutsa. Ku Kenya pa 30 Januwale 2018, tsiku limene Raila Odinga ankadzilumbiritsa ngati pulezidenti wa anthu ku Uhuru Park, akuluakulu a bungwe loyang'anira zamauthenga anapita ndi apolisi ku Limuru n'kuzimitsa Citizen TV, NTV ndi KTN News. Khothi linalamula pa 1 Febuluwale kuti abwezeretsedwe. Boma linazengereza masiku angapo, ndipo Citizen inatha kupitirira sabata ili chizimire. Chiletso cha khothi ndi pepala, makiyi a kuphiri ali ndi wina.

Ndasokoneza ndondomeko. Za Kenya ndikuganiza kuti ndinazinena titalowa kale m'chipinda, monong'ona, wolankhula kutsogolo akuonetsa zithunzi zimene palibe ankaziyang'ana. Kaya. Mutu ukundiwawa, ndipo ndikudziwa kuti ndikulemba izi pofuna kupambana mkangano umene unatha masana.

Njira imene imandinyansa kuposa zonse ndi yongodikira. Sutseka, umangosiya layisensi ithe yokha. Ku Venezuela pulezidenti Hugo Chávez analengeza mu Disembala 2006 kuti wailesi ya kanema ya RCTV, imene inkaulutsa kuyambira 1953, siipatsidwanso layisensi, poiimba mlandu wothandizira kulanda boma kwa mu Epulo 2002. Inazima pakati pa usiku wa 27 Meyi 2007, zipangizo zake zoulutsira n'kuperekedwa kwa siteshoni yatsopano ya boma. Khothi la za ufulu wa anthu la mayiko a ku America linagamula mu 2015 kuti Venezuela inalakwa, zaka 8 zitadutsa. Ku Philippines chilolezo cha zaka 25 cha wailesi ya kanema ya ABS-CBN chinatha pa 4 Meyi 2020, pa 5 analamulidwa kusiya kuulutsa, ndipo pa 10 Julayi komiti ya nyumba ya malamulo inakana kuchiwonjezera ndi mavoti 70 kwa 11. Rodrigo Duterte, pulezidenti wa nthawiyo, anali atadandaula poyera kwa zaka kuti siteshoniyo sinaulutse malonda ake ena a kampeni ya 2016. Papepala zonse zinayenda mwalamulo. Ndipo kufufuza chifukwa sikuvuta, popeza palibe siteshoni yoyera mbuu: ina inachedwa kulipira, ina inasintha eni masheya osadziwitsa, ina sinasunge zojambula za masiku onse ofunika. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti pa masiteshoni khumi olakwa mofanana, n'chifukwa chiyani kalata yapita kwa imodzi, ndipo n'chifukwa chiyani mwezi uno.

Za malonda a boma sindinafike n'komwe. Kumene boma ndi makampani ake ali otsatsa malonda aakulu, kungowachotsa miyezi itatu malipiro a antchito amayamba kuchedwa, ndipo mwini siteshoni amatsikira yekha ku chipinda cha nkhani kudzafunsa ngati pulogalamu ya Lachisanu ija ili yofunikadi.

Anandifunsa kuti ndiye lamulo labwino limaoneka bwanji. Ndinati asawerenge mawu okoma a koyambirira, apite pa ndime zouma. Mamembala a bungwe amasankhidwa ndi ndani, ndipo angachotsedwe popanda chifukwa cholembedwa? FCC ili ndi mipando 5 ndipo chipani chimodzi sichingapitirire 3, komabe wapampando amasankhidwa ndi pulezidenti, ndiye mwaona zimene zinachitika. Ndalama za bungwe zimadutsa kwa nduna? Chilango chimakwera pang'onopang'ono, chenjezo, kuulutsa mawu okonza cholakwacho, chindapusa, kuimitsa, kapena angathe kulumphira pa kulanda? Ndime imene ndimayamba kuifuna ndi ya apilo: ukadandaula kukhothi, umapitiriza kuulutsa mpaka chigamulo, kapena umadikira uli mumdima? Siteshoni yozima miyezi 6 otsatsa malonda amathawa, antchito amabalalika, ndipo ikadzapambana mlandu imapeza palibe choyatsa. Samalaninso ndi mawu otambasuka ngati akuti zokomera anthu, bata la dziko, kapena nkhani zosokoneza. Mawu otere amalowa paliponse.

M'situdiyo muli kachipangizo kochedwetsa mawu ndi chithunzi masekondi 7 kapena 10, ndi batani lofiira lotayira zimene mlendo watukwana zisanafike pamlongoti. Anakapangira zotukwana ndi zonyoza. Koma yang'anani chala cha wogwira batanilo m'miyezi yoyandikira kukonzanso layisensi. Chimayandikira pamene mlendo watchula dzina la nduna, osati pamene watukwana. Palibe anamutuma. Ndipo zambiri sizifika n'komwe pa batanilo, zimathera pa ndandanda ya alendo, pamene wina amafufuta dzina ndi pensulo n'kunena kuti uyu timuitane nthawi ina.

Potuluka madzulo anandithamangira pa masitepe. Nkhope inali ina, kuseka kuja kulibe. Anati layisensi ya siteshoni yawo ikutha m'miyezi 5, ndipo sabata yamawa ali ndi mlendo amene akuluakulu sakondwa naye. Bwana wake sanamuletse, anangomufunsa kawiri ngati watsimikiza. Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chake ankaumirira tsiku lonse kuti popanda kalata palibe cholakwika.

"Ndiye akulu, ndimuitane kapena ndimusiye?"

Ndinamuuza za kujambuliratu pulogalamuyo m'malo moulutsa pompopompo, kusunga kope lathunthu losadula, kuitana mbali inayo mwa kalata n'kusunga umboni woti anaitanidwa, kupempha loya aone mafunso. Zonsezo n'zoona, ndipo zimathandiza dandaulo likabwera. Iye anagwedeza mutu, anathokoza, n'kupita. Koma si zimene anafunsa. Pa siteshoniyo pali anthu ambiri odyera pa layisensi imeneyo, ndipo ine sindili mmodzi wa iwo. Nambala yake ndili nayo. Ndamulembera uthenga kawiri n'kufufuta.