Nsima ya mapira ndi soya: tsopano mtanda ukugwirana popanda chinangwa

Mtanda wagwirana, anzanga. Nsima ya ufa wosakaniza ija, imene yandizunza nyengo yonse yotenthayi, dzulo yaomoka ndi chipande bwinobwino, ndipo ukaumba mbamu m'manja siikunyenyekanso. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti mulibe chinangwa ngakhale pang'ono. Kamakina koyezera shuga m'magazi, kamene ife a matenda a shuga timadalira, nako kavomereza: patatha maola awiri chiyambireni kudya kanaonetsa pansi pa 9 mmol, pomwe mtanda wamsinkhu womwewo wa ufa woyera unkandikwezera shuga kupitirira 13. Kuyeza kamodzi si umboni, ndipitiriza kudzibaya chala sabata yonseyi, koma ndati ndilembe zidakali m'mutu.

Muyezo wake ndi uwu: makapu 3 a mgaiwa, makapu 2 a mapira oyera, kapu 1 ya soya wokazinga. Pa poto wa anthu awiri ndimathiramo supuni yaing'ono ya therere louma losinja. Muyezo wa makapuwu ndakhala nawo kalekale, sunasinthe. Chomwe chinandidyera masiku ndi sefa ya kuchigayo.

Nonse mukudziwa kuti ufa wosalala kwambiri umagayika msanga m'mimba, ndiye shuga amathamangira m'magazi nthawi imodzi. Ufa wokhakhala umachedwa, shuga amakwera pang'onopang'ono. Ndiye ine ndinkapempha sefa yamabowo akuluakulu. Manambala ankabwera abwino ndithu, koma chotuluka mu poto sichinali nsima. Uvundule mpaka phewa lipweteke, ukangoomola imang'aluka pakati, ukati utsine mbamu imayoyokera m'ndiwo ngati mchenga wa kugombe la ku Makawa kuno ku Mangochi. Bambo a kunyumba anaipirira kwa kanthawi, kenako anayamba kufunsa mwaulemu ngati mgaiwa wamba watha. Ndikabwerera ku sefa yosalala, mtanda umagwirana, kukoma kumabwera, koma kamakina kamandikalipira. Ndinakhala pakati pa masefa awiriwa osadziwa kolowera.

Soya ndiye amaonjezera vuto. Alibe sitalichi yambiri yomata nsima, ali ndi mafuta ndi zomanga thupi, ndiye kapu iliyonse ya soya imachotsa mphamvu yogwirana mu ufa. Komanso akuchigayo samukonda chifukwa mafuta ake amamata sefa. Kuchigayo china mnyamata wogayitsa anangoyang'ana m'chidebe n'kunena kuti, "Mayi, soya payekha ayi, atitsekera makina." Sindinamutsutse, ankanena zoona. Njira yake n'kumusakaniza ndi mapira musanathire, njere zouma zija zimakokolola mafutawo. Ndipo soya azikhala wokazinga mpaka afiirire pang'ono ndi kusweka mosavuta, mankhusu muwapete. Wosakazinga amanunkha chiwisi, amatupitsa m'mimba, ndipo thupi silipindula naye mokwanira.

Pali kanthu kena ka kuchigayo kamene anthu a shuga sitikambirana. Ufa woyamba kutuluka si wanu. Ndi wotsalira m'makina wa munthu amene anagayitsa inu musanafike, ndipo kuno kawirikawiri umakhala ufa woyera wa mphale, nthawi zina wa makaka a chinangwa. Ngati mwabwera ndi thumba lalikulu, zilibe kanthu. Koma ife oyeserera timapita ndi kachidebe kakang'ono, ndiye wotsalirawo umasokoneza muyezo wonse. Ine tsopano ndimatchera kabeseni kapadera, ufa woyambawo ndimakaphikira adzukulu phala, wanga ndimayamba kutchera mtundu ukasintha. Ndimanena kuti, "Achimwene, dikirani kaye ndisinthe beseni," iwo n'kumaseka, koma anazolowera.

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, ozolowera kondowole, onse anandiuza chinthu chimodzi: thirani kaufa ka chinangwa, igwirana. Inagwiranadi, mpaka kunyadira. Koma ufa wa chinangwa pafupifupi wonse ndi sitalichi yokhayokha, ndipo pa thupi langa nambala inalumpha kubwerera komwe ndinathawa. Ena mwina zimawayanja, matupi amasiyana, koma kwa ine njira imeneyo inatsekeka.

Chomwe chathandiza ndi zinthu zitatu pamodzi, ndipo sindingalumbire kuti chachikulu ndi chiti. Choyamba, ndasiya kugayitsa zonse pamodzi. Mgaiwa ukupita pa sefa yapakatikati, mapira ndi soya pa yokhakhala, ndipo ndikusunga m'zidebe ziwiri. Phala loyambira ndikuphika ndi theka la mgaiwa wokha, n'kulisiya libwate nthawi yaitali kuposa momwe tinazolowera, mpaka lite ndi kuwala pamwamba. Phala limeneli ndi lomwe likumanga zonse zobwera pambuyo. Chachiwiri, ufa wokhakhala uja ndikuunyowetsa ndi madzi ofunda pang'ono moto ndisanakoleze, kuti timiseretimisere ta mapira tifewe tisanalowe mu poto. Ukauthira wouma umamwa madzi a phala n'kukhalabe wolimba m'kati, ndiye kunyenyeka kuja. Chachitatu ndi therere. Laliwisi silinathandize, nsima inasanduka yobiriwira ndi yoterera, mdzukulu wanga anangoti, "Agogo, ichi n'chiyani?" Koma lodula timagawo, loyanika pamthunzi mpaka kugogoda, losinja mu mtondo ndi kusefa, likathiridwa mu phala likuwira, limamata popanda kumveka m'kamwa. Mukatha kuvundula, musaomole msanga. Phulani makala ena pa mbaula, vindikirani poto, ikhale pamoto wozizira kwa mphindi ngati 5. Nthunzi ija imamalizitsa mapira.

Mtundu wake ndi wotuwa, wosasangalatsa m'maso mwa mlendo. Zimenezo ndazisiya.

Pa mapira, funani oyera. Ofiira aja ali ndi khambi lomwe limauma pakhosi, ndi abwino ku thobwa koma pa nsima ana amakana. Ine ndimagula kwa mayi wina pa msika wa pa boma amene amaoda kuchokera ku Chigwa cha Shire, cha ku Chikwawa, komwe mapira ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Amandisungira opeta kale, opanda mchenga, ndipo akaona kuti afumbwa amandiuza yekha kuti ndidikire katundu wina. Munthu wotero simumusiya chifukwa choti wina watsitsa mtengo pang'ono. Soya wabwino ndimamupeza kwa ochokera kumtunda ku Namwera, makamaka atangokolola. Wa miyezi ino amakhala atakwera mtengo ndipo wina amanunkha chinyontho, mununkhize musanalipire. Therere ndi la kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi bonongwe ndi mtengo wa chamwamba umene masamba ake timatendera.

Ndinene izi chifukwa ndimazimva kawirikawiri pa mzere wa kuchipatala: mgaiwa si mankhwala, ufa wosakanizawu si mankhwalanso. Mgaiwa uli ndi gaga ndi kamtima ka njere, zomwe kukonola kumachotsa, n'chifukwa chake uli bwinoko kuposa woyera. Koma ukadya mitanda itatu, shuga akwera basi. Pali bambo wina amene amadzitama kuti anasiya ufa woyera kalekale, koma mbale yake ya mgaiwa ndi phiri. Ine mtanda wanga ndi umodzi, waukulu ngati chibakera changa, theka la mbale ndi masamba, mbali yotsala ndi nsomba kapena nyemba. Ndimayamba ndi ndiwo, nsima pambuyo. Metformin, mankhwala anga a shuga, ndimamwera pa chakudya pomwepo monga anandiuzira adokotala, chifukwa pamimba yopanda kanthu amandichititsa nseru. Palibe ufa umene wandichotsa pa mapiritsi, ndipo sindikuyembekezera kuti ulipo.

Ku ndiwo kuno tili ndi mwayi. Nsomba siikweza shuga. Chambo chinasanduka cha alendo a m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja, ife tili pa usipa, utaka ndi kambuzi wa ku Malombe, ndipo palibe chodandaula. Chenjerani ndi mchere basi, pakuti ambiri a ife tilinso ndi BP. Usipa wofutsa ndimautsuka ndi madzi ofunda ndisanaphike, mchere ndimalawa kaye ndisanathire. Mwezi wa Novembala nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, mitengo imakwera, ndiye pano ndayamba kale kusunga wouma ndi kugula nandolo ndi khobwe.

Za timapepala toyezera, popeza zonsezi zimadalira ito. Werengani pa kabotolo: tambiri timafuna kusungidwa posapitirira madigiri 30. Mangochi mu Okutobala masana amadutsa 35 mosavuta, ndipo m'nyumba ya malata ndiye kuposa apo. Timapepala tophikidwa ndi dzuwa timanama, ndipo mutha kuimba mlandu ufa wosalakwa. Tanga timakhala pansi, pakona ya chipinda pafupi ndi mtsuko wa madzi, m'kachitini kotseka kuti chinyontho chisalowe. Mnzanga wobaya insulin amasunga yake mu mtsuko wadothi wokhala mu mchenga wonyowa, chifukwa magetsi sadalirika ndipo furiji alibe. Chinanso, sambani m'manja musanabaye. Nyengo ya mango ikubwerayi, chala chomwe chagwira bango lakupsa chimapatsa nambala yoopsa chabe. Ndipo pofananitsa manambala tizinena kuti makina athu ndi amtundu wanji: ena amawerenga mu mmol, ena mu mg. Nambala ya mg muigawe ndi 18 kuti mupeze ya mmol. Munthu akati ali pa 180, ndi 10 ya ife a mmol, yomwe ndi malire amene ambiri timauzidwa kuti tisapitirire patatha maola awiri titadya. M'mawa tisanadye timafuna pakati pa 4 ndi 7. Pansi pa 4 ndiye kunjenjemera ndi thukuta kuja, makamaka kwa omwa mapiritsi a glibenclamide kapena obaya insulin, ndipo pamenepo siwiti kapena madzi a shuga ndiwo mankhwala. Ine ngakhale zimandichitikira patalipatali, timasiwiti sitichoka pa mfundo ya chitenje.

Kuti kuyesa ufa kukhale kwachilungamo ndimayesetsa kuti zina zonse zisasinthe: ndiwo zomwezo, nthawi yomweyo, kuyenda komweko. M'mawa dzuwa lisanakwere ndimayenda kukafika pa mlatho wa Bakili Muluzi, kuyang'ana Shire pang'ono, n'kubwerera kudzera pa chipilala cha wotchi chija. Madzulo ndikatha kudya ndimazungulira pafupi kwa mphindi 15, ndipo kuyenda kwa pambuyo pa chakudyaku kumatsitsa nambala moonekeratu, mwina kuposa therere ndi mapira omwe. Tsiku loyesa ufa watsopano sindiyenda mpaka nditayeza, kuti ndidziwe chomwe ufawo wachita pawokha. Nsapato zotseka nthawi zonse. Mchenga wa kuno masana umawotcha, ndipo phazi la munthu wa shuga limatha kupsa mwini wake osamva.

Amene mumakumbukira chigumu changa chopanda shuga cha chaka chatha, chija ndinkatsekemeretsa ndi nthochi zakupsa, ndinachisiya. Chinkakoma, koma nthochi yakupsa kwambiri ndi shuga ndithu, ndipo chigumu munthu sadya kachidutswa kamodzi. Madzi a malambe opanda shuga ndiwo akhalitsa, ngakhale akunyumba amati ndi chilango. Za mkute ndidakali nazo chidwi: sitalichi yophikidwa ikazizira, gawo lina limalimba moti siligayika msanga. Pa nsima yogona ndinaona kusiyana kochepa kwambiri, ndipo ndi kutentha kwa kuno mkute umasasa usanafike m'mawa, ndiye sindinapitirize. Ndidzayesanso mu Juni ndi ufa watsopanowu.

Mayi wina woyandikana naye, Msilamu, wapempha kale kuti ndimugayitsire wake. Iye nkhawa yake ndi mwezi wa Ramadan, pomwe chakudya cha m'bandakucha chimayenera kumusunga tsiku lonse, ndipo futali wa chinangwa wa madzulo amamukwezera shuga usiku. Ndamuuza kuti ufa ndimupatsa, koma za kusala ndi kusintha nthawi ya mankhwala akakambirane ndi adokotala mweziwo usanafike.

Kutsogoloku ndikufuna kuchotsa kapu imodzi ya mgaiwa n'kuikapo mchewere, ndione ngati phala lingathebe kumanga. Nzama m'malo mwa soya nazo zili m'maganizo, zili ndi mafuta ochepa, akuchigayo sangadandaule. Mvula ikagwa ndidzala mapira anga, mbewu ya Pilira ndikaipeza, ngakhale mbalame za kuno sizisiya ngala. Ndamvanso kuti kuli tizigayo topukusa ndi manja tomwe munthu amasintha yekha kukhakhala kwa ufa, ndipo ndikakapeza kamodzi nkhani ya sefa ndi ya beseni loyamba idzatheratu. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, ndikulakalaka kuphika poto wamkulu kuti anzathu a pa mzere wa kuchipatala alawe, aliyense ayeze ndi kamakina kake, tione ngati matupi ena akuvomereza. Kuti timapepala tokwanira anthu onsewo tichokera kuti, ndi makala a poto wotero agula ndani, sindinaganizebe.