Galimoto ya pa 60 ikafika pomwe ya pa 50 yaima

Madalaivala ambiri saona vuto kuthamanga 60 pamalo pomwe chikwangwani chalemba 50. Amati ndi 10 chabe. Ine ndikakhala pampando wa pambali n'kuona singano yakwera choncho, phazi langa limayamba kufunafuna buleki pomwe palibe, chifukwa masamu a 10 ameneyo ndimawadziwa.

Galimoto siyamba kuima pomwe maso aona ngozi. Ubongo uyenera uzindikire kaye kuti chili kutsogolocho ndi mwana osati mthunzi, kenako phazi lichoke pamoto lipite pa buleki. Munthu watcheru zimamutengera pafupifupi sekondi imodzi. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, m'sekondi imeneyo galimoto yadya kale mamita 14 isanachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Pa 100 yadya 28. Dalaivala akakhala wotopa, wakumwa kapena maso ali pa foni, sekondiyo imasanduka awiri kapena kuposa.

Buleki ikagwira m'pamene masamu amalusa. Paphula louma, matayala ali abwino, galimoto ya pa 50 imafuna mamita ena 14 kuti iime. Mungaganize kuti ya pa 100 ifuna 28. Ayi, imafuna 56. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umawirikiza kanayi, chifukwa mphamvu yomwe chinthu choyenda chanyamula imatsata liwiro mutalichulukitsa ndi lokha. Zimenezi zinadziwika galimoto kulibe. Mu 1722 Willem 's Gravesande, wasayansi wa mumzinda wa Leiden ku Netherlands, ankagwetsa mipira ya mkuwa pa dongo lofewa, napeza kuti mpira wofika ndi liwiro lowirikiza kawiri unkasiya dzenje lalikulu kanayi. Pa galimoto mphamvu yonseyo iyenera kusanduka kutentha m'mabuleki. Fungo lakupsa lomwe mumalimva lole ikamatsika chitunda chachitali ndi limenelo.

Tsopano tengani galimoto ziwiri zoyenda moyandikana, ina pa 50, ina pa 60. Madalaivala onse aona mwana nthawi imodzi, onse aponda buleki patatha sekondi imodzi. Ya pa 50 iima itayenda mamita 28, tinene kuti yaima ndendende pomwe pali mwanayo osamukhudza. Ya pa 60 yataya mamita pafupifupi 17 buleki isanagwire, ndiye yatsala ndi 11 okha, pamene kuti iime ikufunika 20. Ikamafika pa mwanayo imakhala ikuyendabe pafupifupi makilomita 40 pa ola.

Ndikafotokozera anthu zimenezi, ambiri amakana. Amati kusiyana kunali 10, ndiye igunde ndi 10. Koma galimoto imene yagwira buleki imayenda mtunda wautali ikadali ndi liwiro lalikulu, ndipo mbali yaikulu ya liwirolo imathera m'mamita omalizira. Mamita amenewo ndi omwe ya pa 60 ilibe.

Manambala onsewa ndi a tsiku labwino. Mvula ikanyowetsa phula, matayala sagwira msewu mokwanira ndipo mtunda wa buleki ukhoza kuwirikiza pafupifupi kawiri, makamaka ngati mizere ya matayala yatha moti madzi alibe pothawira. Potsetsereka mtunda umaonjezekanso.

Nanga kulemera? Pa pepala kulibe ntchito, chifukwa galimoto yolemera imakanikiza matayala kwambiri pansi, nawo amagwira kwambiri. Koma pamsewu lole yodzaza katundu imaima patali kuposa galimoto yaing'ono. Mabuleki ake a mpweya amachedwa pang'ono kugwira, matayala ake anapangidwira kusenza katundu, ndipo mabuleki akatentha kwambiri amafooka. N'chifukwa chake zimandinyansa kuona munthu akupitirira lole n'kulowa pamphuno pake penipeni, kenako n'kuponda buleki.

Ena amadalira ABS, njira yothandizira mabuleki yomwe Mercedes-Benz inayamba kuika m'galimoto zake mu 1978 mogwirizana ndi kampani ya Bosch. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa matayala kumangika, kuti muthe kukhotetsa chiwongolero uku mukuponda buleki mwamphamvu. Phazi limamva kunjenjemera, ndipo musalichotse, pondanibe. Koma ABS siionjezera kugwira kwa tayala pamsewu, ndipo pamiyala yotayirira kapena pamchenga galimoto yokhala nayo imatha kuima patali kuposa yomwe matayala ake amangika n'kukumba pansi.