Mayina amene ndalemba kuseri kwa bolodi la bambo

Malemu bambo anga atabwerera kuchokera ku Johannesburg m'chaka cha 1973, m'sutikesi mwawo munali bulangete, wailesi, ndi bokosi lina lathyathyathya limene ana tonse tinalikonda kuposa katundu wina yense. M'bokosimo munali sewero la pabolodi la ulendo wa mlengalenga. Wosewera aliyense ankanyamukira pa dziko lapansi, kuponya dayisi, kudutsa pa Mwezi, pa Mars, pa Jupiter mpaka kukafika pa Pluto, ndipo woyamba kubwerera kuno kwathu ndiye ankapambana. Seweroli linasamuka nafe kuchoka ku Ntcheu kupita ku Kasungu, kenaka linadzakhazikika m'bokosi lachitsulo kuno ku Chibavi, kumene chinyezi cha Mzuzu chinaligwira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri ine osadziwa. Nditalitulutsa chaka chatha kuti ndiwaonetse adzukulu anga, ndinapeza bolodi litachita chuku, ndipo chiswe chinali chitadya njira yonse kuyambira pa Saturn mpaka pa Neptune.

Ndinaganiza zolipanganso, limodzi lokha, loti lizikhala pakhomo pano osati logulitsa, popeza seweroli nalonso lili ndi eni ake amene analitulukira. Dzanja langa silitha kujambula, choncho ndinasankha kuikapo zithunzi zenizeni m'malo mwa zopenta. Munthu amene anapenta bolodi loyambalo ankangodalira m'maganizo mwake, chifukwa pa nthawiyo panalibe chombo chimene chinali chitafika kutali choncho. Voyager 2 inadutsa pa Uranus mu 1986 ndi pa Neptune mu 1989, pamene nkhope ya Pluto inadzaoneka bwino pa 14 Julaye 2015, chombo cha New Horizons chitadutsa pafupi nayo. Wopenta bolodi lakale uja anapenta Pluto ngati kampira kotuwa kopanda kanthu, koma chithunzi chenicheni chikuonetsa dera lalikulu loyera looneka ngati mtima, limene linapatsidwa dzina la Clyde Tombaugh, munthu amene anatulukira Pluto mu 1930.

Ndinatola zithunzizo pa intaneti mothamanga, ndikuopa kuti bando ingandithere, ndipo ndinapita nazo kwa mnyamata wina wosindikiza m'tauni muno. Pansi pa bolodi ndinamuuza kuti alembe mawu awiri okha akuti "Zithunzi: NASA", ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokhutira kuti ndachita zoyenera. Madzulo ake mdzukulu wanga wamkazi wa Fomu 3 anawerenga mawuwo, nayang'ana chithunzi cha dziko lapansi, n'kundifunsa kuti, "Agogo, kodi NASA ndiye anagwira kamera?" Ndinalibe yankho, ndipo funsolo linandigoneka mochedwa, chifukwa ndinali nditachita chinthu chomwecho chimene ndimadandaula nacho ndikaona anthu pa Facebook akulemba kuti "chithunzi: Google", ngati kuti malo amene munthu watola chinthu ndiye mwini wake.

Zimene ndinapeza nditafufuza modekha n'zakuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ya lamulo ndi ya ulemu, ndipo mbali ziwirizi sizifanana kukula. NASA ndi bungwe la boma la America, ndipo malinga ndi malamulo a kumeneko, ntchito zopangidwa ndi ogwira ntchito m'boma nthawi zambiri sizitetezedwa ndi lamulo la umwini. Ndiye kuti zithunzi zake zambiri munthu atha kuzigwiritsa ntchito popanda kulipira, ngakhale bungwelo limapempha kuti lizitchulidwa. Chizindikiro chake ndicho chili ndi malamulo okhwima, ndipo salola kuti munthu aonetse ngati bungwelo lavomereza katundu wake. Izi zinandithandiza pamene wosindikiza uja, mwa mtima wabwino, anati, "Achikulire, tiikepo kachizindikiro ka NASA pakona kuti bolodi lioneke lapamwamba." Ndinamuthokoza, koma ndinakana.

Vuto lalikulu linali lakuti si chithunzi chilichonse cha mlengalenga chimene chili cha NASA yokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mizere ya mayina imene imalembedwa pansi pa zithunzizi ikuchitira umboni zimenezi. Chithunzi cha Pluto chili ndi mayina atatu, NASA, Johns Hopkins University Applied Physics Laboratory ndi Southwest Research Institute, chifukwa ena anamanga chombo ndi kuchiyendetsa pamene ena ankatsogolera kafukufuku. Cha Saturn chinachokera ku chombo cha Cassini, chimene chinazungulira kumeneko kuyambira 2004 mpaka 2017, ndipo mzere wake umatchula NASA, JPL-Caltech ndi Space Science Institute. Pakati pa bolodi ndinali nditaika mizati ya mpweya ndi fumbi yotchedwa Pillars of Creation, imene telesikopu ya Hubble inajambula mu 1995. Hubble ndi ntchito ya NASA pamodzi ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la ESA, ndipo akatswiri amene anatsogolera kujambulako ndi Jeff Hester ndi Paul Scowen a ku Arizona State University. Zithunzi za Hubble zimene ESA imafalitsa zimatuluka pa chilolezo cha CC BY 4.0, chimene chimalola munthu kuzisindikiza, kuzisintha ngakhale kuzigulitsa, malinga atatchula eni ake. Pamenepa kutchula dzina ndiye mtengo wake wa chithunzicho, ndipo ine ndinali ndisanalipire.

Chimene chinandikhudza koposa ndi cha Jupiter. Chombo cha Juno, chimene chinafika kumeneko mu Julaye 2016, chili ndi kamera yotchedwa JunoCam, ndipo zithunzi zake zimaikidwa pa intaneti zili zosakonza kuti aliyense wofuna azikonze. Anthu wamba odzipereka amakhala pa kompyuta kunyumba kwawo maola ambiri, kulumikiza zidutswa ndi kuwongola mitundu mpaka mitambo ya Jupiter itaoneka bwino, ndipo dzina la wokonzayo limalembedwa pambuyo pa mayina a mabungwe. Chithunzi chimene ndinatola chinali chimodzi mwa zimenezi, koma pamene ndinachipeza wina anali atadulako kale mzere wa m'munsi. Zinanditengera masiku atatu kuti ndichipeze pamalo pake penipeni pamodzi ndi dzina la mwini thukutalo. Kuno kwathu timamva chisoni oimba athu akamalira kuti nyimbo zawo zikungobenedwa m'misika iwo osaona kanthu, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi zimenezi kuyambira mu 1992. Sindikuona kusiyana pakati pa woimba ameneyo ndi munthu amene anachezera usiku kukonza mitambo ya Jupiter, ngakhale ali kutali ndipo sadzamva n'komwe za bolodi la ku Chibavi.

Funso la mdzukulu wanga ndinaliyankha patapita mlungu. Chithunzi cha dziko lapansi chimene chili poyambira sewero chimatchedwa Blue Marble, ndipo chinajambulidwa pa 7 Disembala 1972 ndi anthu atatu a m'chombo cha Apollo 17, Eugene Cernan, Ronald Evans ndi Harrison Schmitt, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 29,000. NASA imachilemba m'dzina la onse atatu, ndipo nambala yake m'kaundula ndi AS17-148-22727. Chimaonetsa Africa bwinobwino, ndi chilumba cha Madagascar komanso chipale cha Antarctica m'munsi. Mtsikanayo anaika chala pa Madagascar, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kuwoloka nyanja kulowa ku Mozambique, kenaka anaima nati, "Pamenepa ndiye kwathu." Ndinamuuza kuti tsiku limenelo ine ndinali mwana wa pulayimale ku Ntcheu ndipo agogo ake aakulu anali ku Joni, kotero tonse tinali pansi pa chala chakecho kapena pafupi nacho. Akanapanda kudziwa tsiku ndi mayina, chikanangokhala chithunzi chokongola ngati za pa kalendala. Pa Mwezi ndinaikapo chithunzi cha William Anders cha pa 24 Disembala 1968, pamene dziko likutuluka kuseri kwa Mwezi monga mmene dzuwa limatulukira ku Kaning'ina.

Ndinabwereranso kwa wosindikiza ndi pepala lathunthu la mayina, ndipo anadandaula kuti zilembo zambiri chotere ziwononga maonekedwe. Tinagwirizana kuti pafupi ndi chithunzi chilichonse pakhale kanambala kakang'ono, ndipo mayina onse, masiku ndi zilolezo zilembedwe kuseri kwa bolodi ndi zilembo zoti munthu wa maso ngati anga atha kuwerenga. Ndinalembanso kuti zithunzi zina ndinazidula kuti zikwane m'mabwalo, popeza wosintha ntchito ya mnzake ayenera kunena. Pluto ndinaisiya pamalo pake ngakhale kuti mu 2006 bungwe la International Astronomical Union linaichotsa m'gulu la mapulaneti akuluakulu, chifukwa njira ya seweroli imakhotera pomwepo.

Nditamata zonse pa thabwa lopyapyala ndi kukutira ndi pulasitiki kuopa chinyezi, ndinatenganso bolodi lakale n'kuliunika mbali zonse, m'makona ndi pa chivindikiro cha bokosi, kufuna dzina la munthu amene anapenta mapulaneti aja. Silinalembedwe paliponse. Zaka makumi asanu m'banja mwathu takhala tikuyang'ana Saturn wake wachikasu, ndipo mzere womaliza kuseri kwa bolodi latsopano ndinaupereka kwa iye: "Kayalidwe ka njira ndi malo a mapulaneti zatengedwa pa bolodi lakale la bambo, lopentedwa ndi mmisiri amene sanatchulidwe dzina." Loweruka lapitali tinasewera pakhonde titafunda zitenje chifukwa cha chisanu, zitsekerero za mabotolo zili m'malo mwa zombo zakale zimene zinatayika, ndipo aliyense akagwera pa pulaneti, mdzukulu wanga ankayamba wawerenga kanambala ndi kutchula eni chithunzi dayisi isanaponyedwenso.