Mawu amene timatumiza kumudzi

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Johannesburg timawerengetsera mosamala ndalama zimene timatumiza kumudzi, koma mawu amene amapita limodzi ndi ndalamazo sitiwaganizira n'komwe. Munthu amene akugona chipinda chimodzi ndi anzake anayi ku Rosettenville kapena ku Mayfair, ndipo watha mwezi osapeza ganyu, mayi ake akamuimbira foni amayankha kuti, "Kuno zonse zili bwino amayi, musadere nkhawa." Mawa lake amajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana wake ku Sandton n'kuika chithunzicho pa Facebook.

Chifukwa chake n'chomveka, pakuti palibe mwana amene amafuna kuti kholo lake lisowe tulo, komanso manyazi obwerera kwanu chimanjamanja ndi olemera. Vuto ndi lakuti mawu amenewa sathera m'khutu la mayi okha. Mng'ono wake amene wangolemba kumene mayeso a MSCE amawamvanso, ndipo posakhalitsa banja limagulitsa mbuzi kapena kupinyolitsa munda kuti mnyamatayo akwere basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Akatsika pa Park Station m'pamene amazindikira kuti masiku 30 amene anamudindira m'pasipoti sachedwa kutha, kuti wopezeka wopanda mapepala amatha kukasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo, ndiponso kuti malipiro ochepetsetsa amene boma la kuno limakhazikitsa (mu March 2025 linawaika pa R28.79 pa ola) mabwana ena sawalabadira akadziwa kuti wantchito sangakadandaule kulikonse.

Khalidweli silinayambe ndi ife. Agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya kuno, ankabwerera ndi wailesi, njinga ndi suti, koma za fumbi limene linawadya m'mapapo ndi moyo wa m'makomboni ambiri sankazitchula, moti anyamata a m'mudzi ankangoona suti. Zinatengera ngozi ya ndege ya ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, imene inapha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera kumigodi, kuti Kamuzu Banda aimitse kulemba anthu ntchito imeneyi.

Sindikunena kuti tizingolira pa foni, chifukwa kudandaula tsiku ndi tsiku nakonso kumafoola munthu ndi banja lake lomwe, ndipo alipo anzathu amene amangadi nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana ndi thukuta la ku Joni. Chimene ndikutsutsa ndi kunena theka la nkhani kwa munthu amene akufuna kumangapo tsogolo lake.

Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina wachikulire amene amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo wachibale akamuuza kuti akufuna kubwera, samuletsa kapena kumukopa. Amamuwerengera lendi ya chipinda, ndalama ya takisi yopita ndi kubwerera kuntchito, mtengo wa ufa ndi magetsi, kenako amatchula zimene iye amalandira pa mwezi, n'kumufunsa kuti, "Nanga mwana wanga, ukadwala miyezi iwiri, adzakulipirira lendi ndani?" Ena akamva zimenezi amakhala kumudzi n'kuika ndalama ya ulendoyo pa feteleza. Ena amabwerabe, koma amayamba afunsa za chilolezo chogwirira ntchito ndiponso amasunga ndalama yobwererera.