Kukonza khodi ya Java kuti iyende pa seva yomwe ili ndi Java 8

Pulogalamu imene ndinalemba inali yaing'ono, yowerenga mafayilo ndi kuwatumiza pa netiweki, ndipo inayenera kukagwira ntchito pa seva ya kampani ina imene ikugwiritsabe ntchito Java 8, yomwe inatuluka mu 2014. Pa kompyuta yanga ndili ndi JDK 17, zida zolembera mapulogalamu a Java 17. Nditachita compile (kusandutsa khodi kukhala mafayilo a class amene Java imayendetsa) n'kutumiza fayilo ya jar, yomwe imasonkhanitsa mafayilowo pamodzi, seva inaikana nthawi yomweyo ndi uthenga wa UnsupportedClassVersionError, wonena kuti mafayilo anga a class ali pa nambala 61 pamene Java ya pa sevayo imawerenga mpaka nambala 52 basi. Nambala 61 ndi ya Java 17, 55 ndi ya Java 11, ndipo 52 ndi ya Java 8.

Poyamba ndinauza javac, pulogalamu yochita compile, kuti igwiritse ntchito malamulo a -source 8 ndi -target 8. Pamenepo inakana mizere yonse imene ndinalembamo var, chifukwa mawu amenewa anabwera ndi Java 10, choncho ndinalemba mtundu wa variable iliyonse pamanja. Inandichenjezanso kuti bootstrap class path, njira yoloza ku laibulale ya Java 8, sinaikidwe, koma poti compile inatha bwino, chenjezolo ndinalinyalanyaza.

Pa seva pulogalamuyo inayamba bwinobwino, kenako inagwa itafika powerenga fayilo yoyamba, ndi NoSuchMethodError, uthenga wonena kuti Java sinapeze method (kachigawo ka khodi kogwira ntchito inayake) ya flip mu class ya ByteBuffer. Zinandizunguza mutu, popeza flip ilipo mu Java 8. Nditafufuza ndinapeza kuti mu Java 8 method imeneyi ili mu class ya Buffer ndipo imabweza Buffer, koma kuyambira Java 9 class ya ByteBuffer ili ndi flip yakeyake yobweza ByteBuffer. Malamulo awiri aja amangosintha kalembedwe kololedwa ndi nambala ya fayilo ya class, koma javac imayang'anabe laibulale ya JDK 17, motero inalemba m'fayilo yanga kuitana kwa method imene pa Java 8 kulibe. Chenjezo lija linkanena zimenezi.

Chimene chinathetsa vutoli ndi --release 8, lamulo limene linabwera ndi JDK 9 mu 2017. Limachita zimene awiri aja amachita, komanso limauza javac kuti iyerekeze khodi ndi mndandanda wa ma class ndi ma method a Java 8 umene umasungidwa m'fayilo ya ct.sym mkati mwa JDK. Mu Maven, chida chomangira pulogalamu, ndinachotsa maven.compiler.source ndi maven.compiler.target, n'kuika maven.compiler.release kukhala 8 m'fayilo ya pom.xml. Nditatero, javac inatulutsa zolakwa zina zimene zikanadzandigwetsanso pa seva: List.of ya Java 9 ndi isBlank ya String, yomwe ndi ya Java 11. Zonsezi ndinazilemba mwa njira yakale.

Panatsala laibulale imodzi yochokera kunja, pakuti --release sikhudza mafayilo a jar amene ena anachita kale compile. Ndinatulutsa fayilo imodzi ya class m'laibulaleyo, n'kuiyang'ana ndi javap -v, ndipo mzere wa major version unaonetsa 55. Ndinabwerera ku version yake yakale imene inkathandizabe Java 8. Ndisanatumizenso jar, ndinaika Java 8 pa kompyuta yanga pambali pa JDK 17 ndipo ndinayendetsa mayeso onse pa iyo, kuphatikizapo owerenga fayilo ija imene inagwetsa pulogalamu poyamba.