Zikomo nonse, mnyamata uja tamusiya ku Bunda

Dzulo ndamuperekeza mwana wanga wachisamba ku Bunda, ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndipo mtima sukundilola kugona ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa mmene tinavutikira chimwalirireni bambo ake. Fizi ya Folomu 3 ndi Folomu 4 inkachokera m'manja mwa amayi anzanga a banki mkhonde, amene ankandidikira ndikachedwa kubweza, osandinena kumbali. Amayi a Mvano, inunso munabwera ndi ufa ndi sopo nthawi ya mayeso. Mulungu akubwezereni.

Koma kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa aphunzitsi ake a zaulimi. Zotsatira za MSCE zitatuluka, mwanayu ali ndi mapointsi 11, ine maso anga anali pa udokotala basi, ku KUHeS ku Blantyre. Achibale anayamba kale kumuitana kuti adokotala. Iye sanatsutse, pakuti si mwana woyankha akuluakulu. Anangoti zii, nsima n'kumaisiya m'mbale.

Aphunzitsiwo anabwera okha kunyumba panjinga. Sanandiuze kuti ndalakwa. Anangofunsa kuti, "Mayi, Loweruka mwanayu akakhala alibe chochita, mumam'peza kuti?" Ndinakhala kaye chete, chifukwa yankho ndinkalidziwa: kukhola. Chitopa chitalowa m'mudzi muno, ndi iyeyu anakagula katemera n'kumayenda khomo ndi khomo kudontheza m'maso mwa nkhuku za anthu. Mbuzi yathu itavutika kubereka usiku, anachezera nayo mpaka tambala woyamba. Koma m'chigulu cha anthu amafota, ndipo kuchipatala pamene bambo ake ankadwala, ankangoima panja pa wodi akunjenjemera. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa, koma sindinaziganizire posankha sukulu.

Achimwene, amalume ake a mwanayu, zikomo potulutsa ndalama ya minibasi kuti akaone malo onse awiri asanalembe fomu ya NCHE, yofunsira malo m'mayunivesite a boma. Ku Blantyre anabwerako ndi mawu ochepa. Koma atatsika pa Bunda, pa msewu wa ku Mitundu uja, kutali ndi phokoso la mumzinda wa Lilongwe, n'kuona phiri lija, minda ndi makola a ng'ombe pasukulu pomwepo, munandiimbira foni kuti, "Achemwali, mwana wanuyu walankhula lero kuposa chaka chonse." Pafomu anayamba ndi maphunziro a sayansi ya ziweto ku LUANAR, ndipo ndi omwewo anamusankhira.

Sindibisa, zinanditengera milungu ingapo kuti ndivomere ndi mtima wonse. Ndinkaopa kuti anthu anena kuti mapointsi abwino awonongeka. Abusa, zikomo pondikhazika pansi ndi kundikumbutsa kuti amene akakhale kumeneko zaka zinayi ndi mwanayo, osati ine kapena anthuwo.

Ndisaiwale mtsikana wa kwa aneba, amene ali chaka chachitatu ku yunivesite ya MUBAS. Mwanawe, unakhala nafe madzulo atatu kutithandiza kulemba fomu ya ngongole ya ophunzira, ndi bandulo yako yomwe, osadandaula. Amayi ako akulera bwino.

Pomusiya dzulo ndinalira pageti, koma iye anali akufunsa kale mlonda njira yopita kumakola. Wandiuza kuti patchuthi choyamba abwera kudzaona mbuzi za aliyense amene anatithandiza, ndiye amayi a banki mkhonde, konzekani.